Kukomoka Kwanga pa Mapemphero a Tiyamike

Mpaka lero pa Thambani pali anthu amene akandiona ndikubwera ndi dengu langa la manachesi amayamba ayang'ana pamimba, kumaso pambuyo. Sindiwaimba mlandu. Ndinaziputa ndekha, ndipo ndinaziputa ndili chigonere pafumbi, maso ali otsinzina.

Nkhani yake ndi ya Tiyamike, mwana wa amayi aang'ono. Tinakulira pabwalo limodzi, ndipo ku pulayimale ine ndi amene ndinkamupangira masamu (izi pamudzi pano palibe amene amazikumbukira). Ine sukulu ndinasiyira Folomu 3. Zifukwa zake musandifunse, ndatopa nazo. Iye anapitiriza, anakhoza Folomu 4, kenako anafunsira malo kusukulu ya unamwino ku Blantyre. Atamuitana kuti akalembe mayeso olowera, pakhomo pathu panakhala ngati pafika bishopu.

Mumvetse bwino: mayesowo anali asanalembe n'komwe. Koma dzina linali litasintha kale. "Anesi adzuka?" "Musasokose, anesi akuwerenga." Kumjigo, ine. Kunkhuni, ine. Mbuzi zikalowa m'dimba la eni, wokatukwanidwa ine. Anesi ali pamkeka, buku pamiyendo. Nkhuku ikaikira, dzira linkadutsa pamphuno panga kupita kukalimbitsa ubongo wa anesi.

Chondiwawa kwambiri chinali cha madzulo. Ndikabwera kumsika miyendo ikuphwanya, amayi anga enieni ankandipatsira mapepala a mayeso akale. "Khala apo, uzimufunsa mnzako." Ine n'kumawerenga mafunso a bayoloje ndi a malamulo a unamwino, iye n'kumayankha Chingerezi ngati akuimba kwaya.

Tsiku lina ndinaponya mapepalawo pansi.

"Zonsezi ukulowezazi, munthu atagwa pano ungatani?"

"Ndingamuthandize, achemwali."

"Iweyo? Woti nkhuku ikamazingidwa umathawira kuseri kwa bafa?"

Anangoseka. Tiyamike sakwiya, ndipo ndicho chimandinyansa pa iye.

Lachinayi loti mawa lake anyamuka, amayi a kumpingo anabwera kudzapempherera zolembera. Kwathu kuno mwana salowa m'mayeso ndi cholembera chosapemphereredwa. Anaika zolembera, pensulo ndi rula m'mbale, n'kuvindikira ndi kansalu koyera, mbaleyo n'kuiika pampando pakati pa bwalo. Wotsogolera anali a Nangozo, mlangizi wa atsikana kumpingo kwathu, mayi woti akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo amene sunachite. Thobwa la alendo ndinaphika ine. Mabenchi ndinatuta ine, mothandizidwa ndi Madalitso, mnyamata wa kabaza amene ankandinyamulira dengu popita kumsika.

Atatha kupemphera, a Nangozo anagwira Tiyamike paphewa. "Pakhomo pano Mulungu wayatsa nyali. Atsikana ena muli panonu, tengeranipo phunziro."

Atsikana ena ake ati? Panali ine ndekha, chidebe cha thobwa chili m'manja. Mitu yonse inatembenukira kwa ine.

Nzeru inabwera pomwepo. Ndinati mumtima: ndigwe pano. Anesi anjenjemere, alire, aitane amayi awo, anthu onsewa aone okha kuti nyali yawoyo ilibe mafuta. Sindinkafuna kuti alephere mayeso ayi (chabwino, pang'ono ndinkafuna). Ndinkangofuna kuti kamodzi kokha achite manyazi iyeyo, ine ndikumvetsera.

Ndinayamba ndaika chidebe pansi bwinobwino, poti thobwalo ndinalivutikira. Ndinasankha malo opanda zitosi. Nyimbo itafika pokoma, ndinagwira pamutu, n'kudzandira pang'ono, kenako khu!

Nyimbo inaduka. Amayi anakuwa, "Mayo, mwana wanga!" Mapazi anandizungulira. Wina anati, "Anesi ali kuti? Apatseni njira anesi!" Ine mumtima: eya, abwere.

Anabwera. Sanalire, sananjenjemere. Anagwada, n'kunena ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, "Tafutukani, apume mpweya." Ndipo azimayi akuluakulu aja anafutukadi. Anandigwira pamkono, kumvetsera mtima. Ananditsegula chikope (kuyang'ana kumwamba osaphethira, dzuwa la ku Mwanza lili pamaso, yesani mudzandiuze). Kenako ananyamula dzanja langa, kuliimika pamwamba pa nkhope yanga, n'kulisiya. Dzanjalo, mwa nzeru zake, linapatuka n'kukagwera pambali. Ndani angadzimenye yekha pamphuno?

Anawerama ngati akumvetsera mpweya, n'kundinong'oneza, "Achemwali, dzukani. Tinena kuti chinali chizungulire."

Apa munthu wanzeru akanadzuka. Ine ndinati ndikadzuka ndiye kuti wandichiritsa iyeyo, anthu amuombera m'manja. Ndinalimbitsa zikope.

Tiyamike anadikira pang'ono, kenako anauza anthu, "Musaope. Mtima ukugunda bwino, thupi silikutentha, akupuma bwinobwino. Sakudwala."

Kenako ndinamva a Nangozo akukonza kukhosi.

"Mtsikana wosadwala, kugwa masana dzuwa likuswa mtengo? Mayi ake, mwanayu mwezi uno mwamuona ali kumwezi?"

Zimenezi m'mapulani mwanga munalibe.

"Ine dzana ndamuona akudya manachesi osapsa," anatero mayi wina. "Obiriwira, owawasa aja."

(Ndinkadyadi. Ndi amene amatsala osagulidwa. Ndiziwataya?)

"Komanso masiku ano sachedwa kupsa mtima," anaonjezera amayi aang'ono.

(Ine ndinabadwa wosachedwa kupsa mtima. Aliyense akudziwa.)

A Nangozo anati choyamba nditsitsimuke, zinazo tikamba. Tiyamike anayesa kuletsa, koma mawu a anesi anali atatha mphamvu, tsopano bwalo linali la akuluakulu. Anandithira madzi a mumtsuko, ozizira ngati a m'chitsime cha m'mawa. Ndinapirira. Anandisisita anyezi pamphuno. Misozi inatuluka, koma ndinapirira. Kenako wina anayatsa kasanza, n'kuwazapo tsabola wouma, n'kundiika pamphuno.

Abale, palibe bodza limene lingapirire utsi wa tsabola. Ndinadzambatuka, kutsokomola, kuyetsemula, ndipo thobwa lonse limene ndinalawa pophika linabwerera pamapazi pa a Nangozo.

Iwo sanasunthe n'komwe. Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana amayi.

"Mwaona? Kusanza."

"Ndi tsabolayu!" ndinakuwa. "Ndilibe kanthu ine!"

"Onse amatero, mwanawe. Tangotiuza, mwini wake ndani?"

Amayi anali atakhala kale pansi, manja kumutu. "Sukulu unaikana, tsopano wandibweretsera izi? Tsiku la mnzako lomwe lino?"

Mayi wa manachesi uja (ndimamudziwa, ndipo sindinamuiwale) anati, "Paja amakwera kabaza ya uyu tsiku ndi tsiku. Ife amatilipiritsa, koma uyu sindinamuonepo akutulutsa kanthu."

Madalitso anali ataima kumbali ndi kapu ya thobwa, akudikira kubweza mabenchi. Anthu onse anamutembenukira.

"Ine, amayi? Ine ndimanyamula dengu lokha!"

"Dengulo limakhala lokha pakaliyala?"

Mnyamata wanzeru akanaima n'kufotokoza. Madalitso anaika kapu pansi, kudumphira njinga, n'kupalasa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Sanatsate ngakhale msewu, anadutsa m'munda wa nandolo. Kwa azimayi aja umenewo unali umboni wokwanira. Wina anayamba kale kufunsa kuti amalume ake a mnyamatayo amakhala mudzi uti.

Ndinaona kuti njira yatsala imodzi: kunena zoona. Ndinatsegula pakamwa. Koma ndinene kuti chiyani? Kuti ndinagwa dala pofuna kuyalutsa m'bale wanga pa mapemphero? Pamaso pa amayi ake? Ndinayeza milandu iwiriyo, ndipo mukhulupirire, wa mimba unaoneka wopepukirapo. Ndinatseka pakamwa.

Ndi Tiyamike amene anati, "M'malo mokangana, tiyeni kuchipatala akawayeze. Zidziwika lero lomwe."

Tinapita wapansi, poti wa kabaza anali atathawa. Ine patsogolo, chitenje chonyowa, maso ofiira ndi tsabola. Amayi mbali iyi, a Nangozo mbali iyo atandigwira pamkono ngati ndingathawe. Kumbuyo gulu lonse la mpingo, yunifomu zili mbee. Njira yake imadutsa pakati pa msika, pamene ndimakhala ndi dengu langa. Anzanga ogulitsa anaimirira. Mmodzi anafuula, "Kwagwanji?" A Nangozo anayankha mokweza, "Tikamva komweko!" Yankho limenelo linafika mpaka ku Mwanza boma dzuwa lisanalowe.

Kuchipatala nesi weniweni, mayi wotopa ndi anthu, anandipatsa kabotolo n'kundilozera kuchimbudzi. A Nangozo anandiperekeza mpaka pakhomo, kuopa kuti ndingathiremo madzi a pampopi. Nesi uja anandibayanso chala kuyeza malungo. Zonse zinatuluka zoyera. Mimba palibe, malungo palibe.

"Ndiye anagweranji?" anafunsa a Nangozo, ngati munthu amene walandidwa ndiwo pakamwa.

Nesi anafunsa mmene zinachitikira. Tiyamike anafotokoza zonse mwadongosolo, za mtima, za mpweya, za chikope. Za dzanja lija sanatchule. Anati mwina ndi kutopa ndi dzuwa, poti ndinagwira ntchito kuyambira m'mawa. Nesi anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa kuti anadziwa. Kenako anatembenukira kwa Tiyamike.

"Zimenezi unaphunzira kuti?"

"Ndikukonzekera mayeso a unamwino, mawa ndikupita ku Blantyre."

"Pita ukakhoze. Mutu uli nawo, ndipo suchita mantha. Anthu otere ndi amene tikuwasowa kuno."

Ananena zimenezi pamaso pa mpingo wonse, umene unali utadzaza pawindo. Azimayi analulutira pachipatala pomwepo. Pobwerera ankaimba, Tiyamike ali pakati. Ine ndinali kumbuyo ndekha, kathonje kali pachala.

Mayeso aja anakhoza. Mukanayembekeza chiyani? Panopa ali chaka chachiwiri, ndipo akabwera ku holide anthu amafola pakhonde kuti awaone zotupa. Nkhani imene imakambidwa pamudzi ndi yoti anatsitsimutsa mchemwali wake asanalowe n'komwe m'kalasi. Zoti mimba panalibe anthu anamva, koma ena amati chipatala chimaphonya. Madalitso akandiona amawolokera tsidya lina la msewu, ndipo dengu ndimasenza pamutu.

Holide yapitayi tili awiri kumjigo (inde, anapita nawo, anthu aone kudzichepetsa), ndinalephera kupirira.

"Iwe, unadziwa kuti ndinagwa dala. Bwanji sunandiulule?"

Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndine m'bale wake, kapena kuti anandimvera chisoni, kuti ndipeze pomukalipira. Iye anangosenza ndowa yake.

"Za wodwala sitiulula, achemwali. Linali funso lachisanu pa mapepala aja. Munandifunsa ndinu."

Ndiye onani. Ndinamufunsa mafunso, ndinamuphikira thobwa, kenako ndinadzipereka ndekha kuti aphunzirirepo ntchito. Amati ndiphunzirepo kuti nsanje si yabwino. Zimenezo kaya. Chimene ndaphunzira ine n'choti ukafuna kugwetsa mnzako, usayambe ndi kugona pansi iweyo.