Gereve ya Munthu Mmodzi pa Fabrika ya Thonje

Sendererani kuno nonse. Iwe, tsitsa wailesiyo. Apongozi, siyani kaye nandoloyo, sathawa. Mumafunsa chifukwa chake anthu a ku Cuamba amayamba kuseka ndisanawapatse ndi moni womwe. Lero ndinena ndekha, ena asanakuuzeni mothira mchere.

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndinapeza ntchito yosoka matumba pa fabrika ya thonje. Fumbi lake, ana inu, ukamina umatulutsa ulusi. Madzi akumwa kunalibe, kupuma masana kunalibe. Ndiye kunabwera bambo wina wa sindikato, bungwe la antchito, woonda ngati nsungwi, n'kutiuza kuti ukadandaula wekha shefi, bwana wa fabrika, amangoseka, koma mukadandaula nonse amafuna mpando n'kukhala pansi. Tinapangana kuti Lolemba ndi gereve, munthu asalowe mpaka atipatse madzi ndi nthawi yopuma. Amene anakuwa kwambiri pamsonkhanopo mukumudziwa. (Palibe anandipempha.)

Lachisanu lake uthenga uwu, achimwene amwalira ku Massangulo. Ndinapita. Msewu nthawi imeneyo unali maenje okhaokha, pobwerera kamiyau, lole imene tinakwera, inatifera pa Mandimba, ndiye ku Cuamba ndinafika Lachitatu m'mawa. Kunyumba osapitako, kamtolo pamutu, molunjika ku fabrika kukaona gereve yathu.

Ndikupeza anthu akulowa. Akuseka, wina akudya chinangwa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Lolemba lomwelo shefi anakhala pansi ndi anthu athu n'kuvomera zonse. Mgolo wa madzi unali poteropo, kuseri kwa chipata. Ine sindinauone, maso anali pa anthu ogulitsa anzawo.

Ndinatula kamtolo, chitenje cha kapulana m'chiuno kwi, n'kuima pakati pa chipata manja chotambasula. Woyamba kufika anali Abiti Saidi, mnzanga wosoka naye, yemwe tinkagawana mbatata imodzi ku msasa wa othawa nkhondo. Ndi kamawu kake kaja: "Amwali, tamverani kaye." Ine: "Ndimvere chiyani? Akugula ndi chiyani, shuga?" Anayesa katatu, katatu konse ndinamudula. Gwarda, mlonda wa pachipata, mkulu wina wa Chimakuwa, anayamba kuloza kumgolo kuja. Ine ndinayesa akundiloza njira yotulukira, ndiye ndinamuuza za nsapato zake zopatsidwa, kuti imodzi ndi yaikulu kuposa inzake. (Zinali zoona, koma sizinali za pamenepo.)

Anthu anadzaza kumbuyo, polowera palibe. Ena agwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ine mumtima ndikuti eya, manyazi awagwira, akulira. Ndinayambitsa ndi nyimbo. Wondiyankha panalibe.

Kenako galimoto ya shefi. Anatsika, ndi Chinyanja chake chothyoka chija: "Mama, vuto chiyani?" Ndikanangonena za madzi, bwenzi atandionetsa mgolo nkhani n'kutha. Koma ayi. Ndinati ndimuonetse mmene amalowera kumene timasoka. Mimba patsogolo chonchi, kansalu pamphuno chonchi, kuyenda ngati bakha waponda moto. (Taonani, chonchi. Iwe usaseke, ugwetsa nandolo.) Anthu anagwa pansi. Shefi anafiira mpaka m'makutu, n'kuuza gwarda kuti mayi ameneyu asadzapondenso pano.

Pamenepo m'pamene Abiti Saidi anandigwira khutu n'kundiuza zonse. Ndinacheuka, mgolo uwo, kapu ili pamwamba. Ana anayi kunyumba, agogo anu aamuna anatsalira kunkhondo, kumunda kwathu anthu ankaopabe mabomba okwirira. Ntchito ija ndiyo inali zonse.

Bambo woonda wa sindikato uja anatulukira pagulupo. Anangokhala pansi pafumbi. Abiti Saidi naye pansi. Osoka, onyamula, a kumakina, onse pansi. Bamboyo anauza shefi mwaulemu kuti mayiwa alakwa, akapepesa, koma munthu sachotsedwa ntchito pachipata ngati nkhuku, nkhani yake ikambidwe kaye. Shefi analowa mu ofesi n'kumenyetsa chitseko.

Tinakhala. Dzuwa la ku Cuamba mumalidziwa. Makina zii. Anthu amene anapambana kale gereve yawo Lolemba akupsa kachiwiri chifukwa cha ine, ndipo aliyense akundiyang'ana ndi diso limodzi. Dzuwa lili pamutu gwarda anabwera kudzanena kuti ndikapepese ndilowe, koma kuyenda kuja ndisadzakuyesenso. Ndinakapepesa, chogwada, timawu tating'ono ngati ta Abiti Saidi.

Mukuganiza kuti ndinaphunzirapo? Nditatuluka ndinaona kuti anthu ondichitira zotere sindingawasiye osawathokoza bwinobwino. Ndinaima pakhonde la ofesi, kukonza pakhosi, n'kuyambira pa maliro a ku Massangulo kuti amvetse mmene zinayambira. Ndinali ndisanafike ndi pa Mandimba pomwe, Abiti Saidi, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, anakuwa fabrika yonse kumva:

"Amwali, akuchotseninso lero, mukhala pansi nokha!"