Khutu la Njovu pa Mtanda wa Nyumba Yanga

Ndani waseka? Ndiwe wa kapusi wofiirawe? Seka, poti mano ukadali nawo. Koma amene akuti ndikunama aimirire pompano, tizungulire kuseri kwa msikawu, ndikamuonetse denga langa limene mpaka lero lakhala pa nyumba ya munthu wina. Munthuyo ndi Yotamu kalipentala, amene inu mumamuvulira zisoti ngati ndiye adalenga matabwa. Ine kungomva dzina lakelo ndimalavula pansi.

Kuno ku Mzimba ndidabwera ndili mnyamata, kuchokera kwathu ku Kasungu, nditasenza machila a mzungu wa pa Boma, masiku amene Boma lonselo linali nyumba zitatu ndi mtengo wa mbendera. Ndidakwatira konkuno. NyaGondwe, anyamata inu, mkazi woti akamapita kumadzi ng'ombe zinkaleka kudya msipu n'kumamuperekeza ndi maso. Ndipo adapeza mwamuna, chifukwa ine sindinkamusowetsa nkhani: ndikangofika pakhomo ndinkamufotokozera ulendo wonse, phiri ndi phiri, mtsinje ndi mtsinje, ndikamaliza n'kuyambiranso kuti mwina pena sadamvetse.

Mbwenu kutulukira Yotamu, wophunzira kumishoni, malaya opisira, pensulo kukhutu. Mzungu adamuitana kuti amupachikire chikupizo m'nyumba. Mukudziwa chinali chiyani? Thabwa lokoleka kudenga, nsalu yolendewera m'munsi mwake, ndi chingwe chotulukira pazenera choti munthu azikoka ali pakhonde. Basi, zomwezo! Koma mmene anthu adamutamira, ungati wagwetsa mvula. Kenaka Yotamuyo adakapachika kena kakang'ono kwake, chingwe n'kumangirira kuchala chaphazi, kuti akamapala matabwa kansaluko kazipita uku ndi uku.

Chilimwe cha chaka chimenecho chidapsa, dzuwa loti mthunzi wako womwe unkakusiya panjira n'kukabisala pansi pa nkhokwe. Ine kufika pakhomo masana, nkhani zili tho m'kamwa, nyumba ili zii. NyaGondwe ali kuti? Kwa Yotamu. Mawa lake? Kwa Yotamu. Mkuja? Komweko, wanyamula lichero lake la mawere, wakhala pansi pa kansalu kaja, ndipo pobwera akumwetulira n'kumati, "Kuli kamphepo kabwino chomene kwa aYotamu." Nsanje idandigwira, sindibisa ayi. Ndidaona kuti ndikangokhala manja lende, mkazi andithawa chifukwa cha nsanza yolendewera pa thabwa.

Tsono chikupizo sumangotola, umayamba wasankha. Ndidayesa mkeka: mphepo yake yongokwanira kudzutsa mphaka. Ndidabwereka chishango cha apongozi, cha chikopa cha ng'ombe chija Angoni ankapita nacho kunkhondo, koma nditangochikupiza kawiri nkhalamba zonse za m'mudzi zidatuluka ndi zibonga kumafunsa kuti adani afika pati. Ndiye ndidakhala pansi n'kudzifunsa kuti kodi pa dziko lino mwini chikupizo chenicheni ndani? Njovu. Mukumva?

Ndidayeza nyumba yanga ndi mikono, ndidanola kampeni kanga, n'kutsetserekera kummwera, kuthengo la kumalire a Kasungu, ulendo wa masiku anayi umene ndidauyenda m'mawa umodzi chifukwa nthaka inkaotcha kwambiri moti phazi silinkayerekeza kukhalitsa pansi, ndipo ndidazipeza njovuzo zitaima pansi pa mitengo zikuodzera, makutu okha akugwira ntchito, ine n'kutapa phulusa m'dzanja kumaima pambali pa iliyonse kuti ndione mphepo yake. Yoyamba khutu lake linali long'ambika, linkaimba mluzu. Yachiwiri mphepo yake inali yofunda. Yachitatu inkanunkha m'khwapa. Koma chinkhalamba china chachimuna chitangoti kupi kamodzi, phulusa lidachoka, ubweya wa pamkono udachoka, ndi chifuwa chimene ndinkatsokomola chiyambire ubwana wanga chidachokera pomwepo, sichidabwerenso. Ndidayeza khutulo: mikono yake ndendende ya nyumba yanga. Ndidalidula ndi kampeni kaja, kakuthwa koti njovuyo idazindikira sabata yotsatira. Chiyambire pamenepo imangoyenda mozungulira poti khutu lotsalalo limaikankhira mbali imodzi, ndipo dziwe lozungulira lija mumaliona popita ku Kasungu ndi njira yake. Mphezi indiwombe ngati ndawonjeza kanthu.

Chimene simukudziwa inu n'chakuti khutu la njovu silidziwa kuti ladulidwa. Kukazizira limagona, kukatentha limakupiza lokha, osafuna chingwe, osafuna chala chaphazi cha munthu. Nditalisenza pamutu dzuwa lili paliwombo lidayamba ntchito, mapazi anga n'kusiyana ndi nthaka, ndipo ndidabwerera kuno ndikudutsa pamwamba pa midzi, kumapereka moni kuchokera m'mwamba, anthu n'kumayankha kuti "Yewo!" akuyang'ana kumitambo.

Ndidalipachika m'mawa mwake kukadali kachisisira, lili mtulo. Mtanda ndidadula wa muwanga, zingwe ndidalenga za chikopa chachiwisi, zija zikauma zimagwira osalekanso. Ndili pamwamba ndikumanga mfundo yomaliza, ndidamva kukhosomola pakhomo. Yotamu, pensulo kukhutu.

"Monire aPhiri. Ntchito njabwino chomene," adatero. "Koma ndapota, boolani kabowo pansonga pa denga, chitsekonso chizikhala chotsekula. Mphepo imafuna polowera ndi potulukira."

Ha! Ankayesa akuyankhula ndi mwana. Ine ndidamuonera patali. Kabowo kuti mphepo yanga izithawira kwake, chitseko chotsekula kuti maso ake azilowera kwa mkazi wanga. Atangotembenuka ndidakakumba dothi la pachulu, ndidamata mng'alu uliwonse, ndidamata pokumana khoma ndi denga, ndidamata udzu wonse m'kati, ndidatseka mauna a makoswe ndi tinjira ta nyerere tomwe, kuti pasapulumuke ngakhale kamphepo kokwana kuzimitsa kauni n'kukafika pamphuno pa Yotamu. Mphepo yanga, nyumba yanga, mkazi wanga.

Dzuwa litafika pamutu ndidamuitana NyaGondwe ali kale ndi lichero m'manja, ulendo wa kwa Yotamu. Ndidamukhazika pamphasa, ndidatseka chitseko, mpiringidzo gwa, n'kuyamba kumufotokozera mmene ndidalipezera khutulo, kuyambira pa mkeka paja.

Ndili pa njovu yachiwiri, khutu lidadzuka. Kupi koyamba, anyamata inu, kukoma kwake! Thukuta lidauma, mkazi adatsinzina, ine mumtima ndikuti Yotamu watha. Kupi kachiwiri mwaye wonse wa kudenga udatsika. Kupi kachitatu mphepo idafika pachitseko n'kupeza potseka, idakwera kudenga n'kupeza pomata, idabwerera n'kukumana ndi inzake ikubwera, ziwirizo n'kukumana ndi yachitatu, zonse n'kuyamba kuthamangitsana mozungulira, mawere a m'lichero n'kuuluka kumagundana okhaokha mpaka kugwa ali ufa, nkhuku imene inkafungatira pangodya n'kusosoka nthenga zonse ikadali pamazira, mikanda ya m'khosi mwa NyaGondwe n'kupezeka m'khosi mwanga, moto wa pamafuwa n'kukwera khoma kumazungulira nawo osaotcha kanthu poti unalibe nthawi yoima, makoma n'kufufuma ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa, ine osaleka kufotokoza, chifukwa ndinali ndisanafike pa chinkhalamba chachimuna chija ndipo nkhani siisiyidwa pakati. Mukumva?

Ndiye phuu! Kuwala. Denga lonse, mtanda, zingwe, khutu, zonse zidanyamuka.

Lidadutsa pa Boma likukupiza, asilikali n'kuliperekera sawatcha poganiza kuti ndi bwana wina wamkulu, chisoti cha mzungu n'kukatoledwa ku Engutwini. Lidazungulira kawiri, kenaka n'kuyamba kutsika. Ndipo mwa malo onse a m'dziko la Mzimba, lidasankha pati? Yotamu anali atangomanga nyumba yatsopano, makoma okha, akudikira udzu. Denga langa lidakhala pamenepo khwatha, ngati adachita kuyeza. Potsikapo nsonga yake idakodwa pa nthambi ya mkuyu n'kubooka kabowo, kabowo komwe kaja ankanena. Mpaka lero m'nyumba imeneyo umavala jekete mwezi wa Okutobala. Akakuuzani kuti chopachikidwa m'menemo ndi nsalu yoda ndi utsi, akunama. Ndi khutu langa.

Ine ndidatsala m'makoma anayi opanda denga, mikanda m'khosi, mkazi ali mbuu ndi ufa. Mtima udandiwawa, ndidangofunsa mosazungulira: "NyaGondwe, undiuze lero. Kwa Yotamu umatsatako mphepo kapena mwini wake?"

Adasansa ufa pampango, n'kundiyankha.

"APhiri, aYotamu ali ndi mkazi wawo, ndimakhala naye pamphasa imodzi. Kansalu kawo kaja sikaingitsa ndi ntchentche yomwe. Ndimapita kuja chifukwa munthu uja akamapala matabwa sayankhula. Makutu anga amakapumako. Inu chikwatirane chathu simunatsekepo pakamwa. Taonani, mwabweretsa khutu lalikulu kuposa makutu onse, lakumverani theka la nkhani imodzi, mbwenu lathawa ndi denga lomwe. Nanga ine wa timakutu iti?"

Anyamata inu, ndidasenzapo mzungu wonenepa kukwera naye phiri ndikuthamanga, ndidadula njovu khutu, ndidauluka pamwamba pa midzi. Zonsezo n'zamasewera. Chimene ndidachita pambuyo pake ndicho sichidachitikepo kuno: ndidakhala chete masiku atatu athunthu. Ndidadula udzu ndili chete, ndidafolera ndili chete, kabowo ka pansonga kaja ndidaboola ndili chete, ndipo kanali nzeru zanga, wina asakunamizeni. NyaGondwe sadapitenso kwa Yotamu, uyo ali apoyo akugulitsa nyemba, wamanga mpango mpaka m'makutuyo.

Taonani zimene mukuchitazi. Za njovu mwangogwedeza mitu, za denga mwavomera, koma pa masiku atatu mwayamba kuyang'anana. Chabwino, anali awiri. Iwe wa kapusiwe, khala pansi, ukupita kuti? Usakamufunse. Ndati usakamufunse! Lidali tsiku limodzi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Koma Yotamu uja, ndi pensulo yake yonseyo, ndani adamutamapo chifukwa chokhala chete? Iye adabadwa choncho. Ine ndidachita kulimbana nazo.