Tikulowa ku Kampu

Lolemba
Ndalonjeza, basi. Loweruka tikukagona m'tenti. Mwana wanga Tadala wandiimbira nyimbo imodzimodzi chaka chonse: anzake akusukulu amapita, iye yekha ayi. Chaka chatha ndinazemba. Lero wabwera ndi mndandanda wa malo:
Cornwall, kutali koopsa.
Lake District, mvula yokhayokha.
New Forest, akuti mahatchi amangoyendayenda opanda mbusa!
Tasankha kwa mahatchiko. Tenti ndabwereka kwa nesi mnzanga wa kuwodi. Kunena zoona ine sindikufuna ngakhale pang'ono, msana wanga ndimaudziwa. Koma mwana wa zaka khumi ndi ziwiri sungamunamize kawiri.

Lachiwiri
Kuyeserera kuimika tenti pakapinga, kunsi kwa mafulati athu kuno ku Thamesmead mu London. Maola awiri! Bambo a Tadala akungozungulira ndi kachitsulo m'manja, ati malangizo ake ndi abodza. Yaima, koma mopendekeka. Ndajambula, ndaponya pagulu la abale: "Loweruka tikulowa ku kampu." Ndikudzimva ngati munthu wotsogola.

Lachitatu
Foni yalira kakhumi kuchokera ku Chikwawa. Amayi akulira. Mutu wangawu! Ndaiwala bwanji? Kwathu tenti ndi kampu ndi za madzi osefukira. Iwo anagonamo miyezi itatu nyumba itakokoloka.
"Mtsinje wanu uja wakulowerani?"
Ndikuti ayi amayi, ndi holide, timachita kulipira.
"Kulipira kuti ugone pansi? Iwe, ndinakubereka ndine. Akuthamangitsani m'nyumba eti?"

Lachinayi
Nkhani yafika kutchalitchi kwathu ku Tottenham. Amayi aimbira azakhali okhala konkuno, azakhali auza gulu lonse la azimayi. Poweruka ndapeza pakhomo:
mabulangete anayi,
thumba la mpunga,
ketulo,
ndi Mayi Zulu a ku Chipata atakhala pamasitepe.
"Osamvela nsoni mwana wanga, London ni so chabe."
Ndawalowetsa, aona mipando, firiji, makatani, zonse zili m'malo. Apukusa mutu mwachisoni. "Manje muzachoka liti?"

Lachisanu
Mchimwene wanga kumudzi akuti amayi sanalawe kanthu chiyambire Lachitatu. Ndipo ali ndi BP. Ndikapita, adwala. Ndikasiya, Tadala sadzandikhulupiriranso. Bambo ake mwadzidzidzi apezeka ndi shifiti ya Loweruka. Kuchenjera kwake!
Zikwama zili kale pakhomo. Tadala wangondiyang'ana: "Mum, you promised."
Ndili ndi mantha, osanama.

Loweruka
M'mawa ndaimba pavidiyo, ndiyesenso komaliza. Amayi sakufuna ine, akufuna mdzukulu. Sakumulira ayi, akumulangiza za ku kampu. Nsapato uzigona utatsamira, zimabedwa. Ukhale pakati pa tenti, m'mbali mumadontha. Kuchimbudzi uzilawirira mzere usanatalike. Usamasiyane ndi mayi ako.
Tadala Chichewa amamva koma sayankha. Lero ndikungomva:
"Agogo, ife sitipita. Nyumba ilipo. Idyani."
Wandilanda foni, akuwaonetsa denga chipinda ndi chipinda, mpaka kubafa. Ine ndathawira kukhitchini, misozi ili mbwe.

Lamulungu
Amayi adya dzulo masana, mchimwene watsimikiza, awonjezeranso. Mtima pansi! Lonjezo sindinaswe ndine, msana wapulumuka, ndipo ndikuchita manyazi ndi mmene ndasangalalira. Tenti ndibweza mawa. Mabulangete Mayi Zulu akana kulandira, ati sungani, London siidziwika.
Tadala akuti chaka chamawa tikagone mu karavani ku Cornwall. Ndavomera, nanga ndikanatani. Waganiza pang'ono, kenako m'Chichewa chake chopindikacho:
"Koma agogo tisawauze. Akaona nyumba ya matayala, adzati tikuthawa."