Jenerala Abwerera Chithunzi

Pulani inabadwa Loweruka masana kuseri kwa shabini ina ku Cosmo City, botolo lachitatu lili pakati. Naison, yemwe anzake ankamutcha Jenerala ngakhale ankangolamulira maluwa a mzungu ku Randburg, anamenya tebulo pamaso pa Munya ndi Cassim, omwe ankamwa nawo.

"Magaye, ndapeza golide!"

Bwana wake anali atamutengako ngati wonyamula zikwama ku katauni kakale ka migodi, kali m'chigwa pakati pa mapiri. Kumeneko anaona sitolo imene alendo amavalamo zovala zamakedzana n'kujambulitsa, ndipo m'kabati munali wotchi ya m'thumba yonyezimira.

Koma chomwe chinkamudya Naison mumtima chinali Veronika. Zaka zitatu ankamunamiza pafoni kuti ndi bwana ku Joni, ndipo mtsikanayo, ali ku Dedza, anali atatopa. "Mundionetse ubwanawo mwezi uno, apo ayi ndikwatiwa ndi aphunzitsi." Naison ankamukonda zedi, choncho anaganiza zokaba wotchi ija kuti ikhale umboni wa ubwana wake.

"Munya, iwe uzikamusokoneza mayi wa musitolo," analamula Jenerala. "Cassim, injini isazime. Maminitsi asanu, shapu."

Cassim, wotchedwa Sipidi, anavomera msanga, pakuti galimoto yake inkalira pokhapokha aikankhe.

Lamlungu anatsetsereka phiri n'kulowa m'katauni ka nyumba za malata ndi msewu umodzi. M'sitolo, Munya asanatsegule n'kamwa komwe, mayi uja anali atamuveka kale Naison jekete ya mchira, chipewa chachitali ndi ndodo. Kenaka anatsegula kabati, n'kumuikira yekha wotchi ija m'thumba kuti chithunzi chikome.

Naison anayang'ana pagalasi ndipo anaona bwana weniweni. Anaponda bokosi, natukula chibwano, kamera n'kuthwanima.

"Chithunzi chituluka pakatha theka la ola," anatero mayiyo, nalowa kuchipinda.

Jekete pansi, wotchi m'sokosi, anyamata liwiro!

Galimoto inakwera phiri ikutsokomola, Munya ndi Sipidi akuimba.  Atafika pakati pa chitunda Jenerala anati, "Sipidi, tibwerere. Chithunzi changa."

"Eish, uyahlanya wena? Wapenga?"

"Aise, wotchi yokha Veronika anena kuti ndabwereka. Koma chipewa chija, jekete ija!"

"Tikujambula ndi foni ku Cosmo!" anakuwa Munya.

"Nditavala ovolosi?"

Naison anakoka handibuleki, injini n'kuzima. Anatsika onse kukankha, koma galimoto sakankhira kumtunda. Njira inatsala imodzi: anaitembenuza, nayamba kutsetsereka, Sipidi akuyesa giya iliyonse, injini osalira. Inatsika mwakachetechete mpaka kukaima yokha pakhomo penipeni pa sitolo, pomwe mayi uja anaimirira ndi wapolisi, chithunzi chili m'manja.

Wapolisi anayang'ana chithunzi, nayang'ana Naison. "Uyu ndiwe?"

Munya anamutsina kuti akane. Koma Naison anali asanaonekepo bwino chonchi chibadwire, ndipo misozi inalengeza m'maso.

"Ndine ndithu, bwana," anayankha monyadira. "Musanandimange, ndiloleni ndingomutumizira munthu wanga."

Wapolisi, akuseka mpaka kugwira m'mimba, analola, ndipo Naison anajambula chithunzicho ndi foni n'kutumizira Veronika. Wotchi inatuluka m'sokosi, unyolo wa polisi unalira katatu, onse atatu omangidwa. Ali m'galimoto ya polisi, foni inalira, ndipo wapolisi anaitembenuzira kwa Naison kuti awerenge: "Mayo ine, mwatchena! Aphunzitsi ndawakana. Mubwera liti kudzanditenga?"

Naison anatembenukira kwa wapolisi.

"Bwana, ndimuyankhe kuti liti?"

"Tsiku akuuza majisitireti," anatero wapolisi, natseka chitseko.