Madzi ambiri, mchere ayi

Lolemba
Msana ukuwawanso. Chitsekere mgodi wa mtovu umene ndinkagwirako ntchito, chipatala chake sichitidziwanso, ndiye ndili ku cha boma. Adokotala akuti ndi miyala mu impso. Akuti m'matumbo ndi mu impso muli puloteni yonyamula tizakudya tochokera ku nyama ndi nyemba n'kutilowetsa m'magazi, koma payokha siigwira ntchito, imafuna inzake yoiperekeza pamalo pake. Mwa ine inzakeyo inabadwa yolumala. Tizakudyato timangotayikira mumkodzo n'kuuma. Ndikachita chibwana, opaleshoni. Malamulo:
madzi tsiku lonse
mchere ayi
nyama pang'ono
Nyamayo, chitichotsereni ntchito, tikuiona kuti? Sabata ino ndichira.

Lachiwiri
Ndiwo ndi kapenta, tinsomba touma tija. Ndikudandaula kuti mchere wachuluka. Mkazi wanga, amake Tiza: "Atate ake Tiza, amabwera nawo wake. Ndimuchape ndi sopo?" Ndadya. Pampopi pakutuluka mphepo yokha, poti ankapopa madzi ndi a mgodi.

Lachitatu
Chigubu panjinga, ulendo wa ku Railways kwa alamu anga a Mwape, kumene madzi akutuluka. Amva kuti ndikudwala, andiphera nkhuku. Kukana n'chipongwe. Ndakana khosi lokha.

Lachinayi
Kampani yogula zitsulo zakale za mgodi ikufuna alonda. Ndili pamzere ndi botolo langa, ndikumwa monga anandiuzira adokotala. Dzuwa lifika pamutu, chikhodzodzo chakana. Ndithamangira kuseri kwa mpanda. Pobwera akuti dzina langa aitana kawiri, ntchito apatsa munthu amene sanamwe kanthu.

Lachisanu
A Mwape abwera kudzapepesa za ntchito ija, atanyamula munkoyo, thobwa la kuno, wogonera mpaka kusasa. "Mulamu, uwu nawo ni manzi." Mfundo yake ndi yomveka. Tamwa mankhwala mpaka kuimba nyimbo za pansi pa mgodi.

Loweruka
Mayo ine! Ndikugudubuzika pamphasa, amake Tiza akufunafuna galimoto. Isanapezeke, kamwala katuluka kokha: kachikasu, kochepa ngati njere ya mapira. Ululu wonse uja, kameneka?

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi ndikuonetsa kamwala kaja kwa anzanga akale a kumgodi. A Phiri, amene anali kapitawo wathu, akukatembenuza pachikhatho, nkhope ili gwa. "Mtovu mulibe. Koma m'Kabwe muno mgodi umene ukutulutsabe kanthu ndi inu. Samalani, akugulitsani." Ntchito ndilibe, puloteni ija sidzachira, adokotala anati miyala ina ikubwera. Mawa chigubu panjinga.