Tsiku Lomwe Ndinakweza Apongozi Phiri

Mpaka lero ndikaona chiperoni chikutsika, thukuta limayamba kutuluka lokha.

Ndimagwira ntchito ya makompyuta pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Ndinalemba kapulogalamu kotumiza mauthenga pafoni kwa othyola tiyi, kuwauza munda woti apite ndi nthawi yake. Ungolemba dzina la kapulogalamuko, manambala awiri pambuyo pake, basi uthenga wapita. Apongozi anga aakazi, omwenso amathyola tiyi pomwepa, ankandinyadira mpaka kutchalitchi: "Amene amalankhulitsa mafoniwa ndi mkamwini wanga."

A Namasala, anzanga a mu ofesi, anandichenjeza. "Achimwene, manambalawa apatseni mayina. Muzilemba --munda=5 --nthawi=7, kapulogalamuko kazitenga nambala poona dzina. Tsiku lina mudzasemphanitsa."

"Ndinakalemba ndine, ndingasokoneze bwanji?" (Matama, abale, matama.)

Lachitatu lina akapitawo anati mawa anthu akakhale ku munda 5 nthawi ya 7 koloko. Ndinalemba 5, kenako 7, n'kudina, n'kuweruka ndikuimba mluzu. Chonsecho kapulogalamuko kamatenga nambala yoyamba ngati nthawi, yachiwiri ngati munda. (Inde, amene anakakonza choncho ndi ine ndemwe.)

Uthenga unapita: munda 7, nthawi 5 koloko.

Munda 7 uli pamwamba pa phiri, ndipo anali atangoudulira, zitsa zokhazokha, tsamba ngakhale limodzi ayi. Anthu anakwera mbandakucha, madengu kumsana, chiperoni chikuwanyowetsa. Ena atayamba kukayika, amene anawalimbitsa mtima ndi apongozi: "Tiyeni! Mkamwini wanga salakwitsa."

Mayo ine! Anthu atandiuza mawu amenewo ndinachita manyazi kuposa mmene anandikalipirira akapitawo. Tsiku lomwelo manambala aja ndinawapatsa mayina, a Namasala akungomwa tiyi wawo ngati sakundiona.

Kutchalitchi dzina langa silimvekanso. Apongozi sanandikalipire, poti pamwambo wathu salankhula nane maso ndi maso. Koma Lamlungu lotsatira anaitana mkazi wanga, ine ndili chiimire pakhonde pomwepo.

"Uwauze amuna akowo akatigulire zinthu ku Bvumbwe. Tomato, dzina lake tomato, milu isanu. Anyezi, dzina lake anyezi, milu iwiri. Uwalembere bwinobwino, angatikwezenso phiri."

Mkazi wanga analembadi, akudziluma mlomo kuti asaseke. Ine kapepalako ndinakalandira ndi manja awiri.