Chigubu cha a Kamtedza Chilandira Chidindo

M'mudzi wina, umene dzina lake sitilitchula poti ena mwa ife tidakali ndi minda kumeneko, mudali telala wotchedwa Filimoni Kamtedza, amene adasoka mayunifolomu a ana a mudzi wonse kwa zaka khumi ndi zinayi, koma iye mwini mwana adalibe.

Potsata chikhalidwe chathu chokoma, mlandu wonse tidausenzetsa mkazi wake, Elube. Tidamumwetsa mizu yowawa, tidamutemera mphini, tidamukwezanso phiri kukapemphera, kwinaku kumbali tikumutcha chumba. Tsiku lina dokotala wa pachipatala cha m'mudzimo adawayeza onse awiri, n'kupeza kuti mayi ali bwinobwino, vuto lili ndi bambo. Atafika pakhomo, Filimoni adagwada n'kupepesa mkazi wake. Amuna a m'mudzimo mpaka lero sadamukhululukire chifukwa cha kugwadako.

Dokotala adati njira ilipo. Kumaiko akunja kuli amuna osadziwika amene amapereka umuna wawo mwaufulu, umayezedwa matenda n'kusungidwa mozizira kwambiri, ndipo iye akhoza kuuika mwa Elube kuchipatalako. Adangowachenjeza kuti asazengereze, poti Elube adali atakwanitsa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Mlongo wake wa Filimoni, namwino wogwira ntchito kunjako, adavutika zaka ziwiri kuti zitheke, ndipo adanenetsa kuti mwayi ndi womwewo, wina sudzapezekanso.

Chimene mlongoyo adatumiza chidali chigubu chachitsulo chonga cha mkaka, limodzi ndi mpukutu wa mapepala osonyeza kuti zam'katimo zayezedwa katatu, mulibe kachilombo ka HIV, chindoko kapena matenda a chiwindi. Pachivundikiro adalembapo kuti kuzizira kwake kumakhala masiku khumi ndi anayi ngati sichikutsekulidwa, ndipo kukatha, zam'katimo zimafa.

Tsono mudziwo uli ndi chipata, mtengo wa bulugama wopingasa pamsewu, ndipo mwini chipatacho ndi a Chidzanja Mkwapatira, Mlonda Wamkulu wa Magazi a Mudzi, amenenso ali Wapampando wa Komiti Yoona za Zolowa, Zotuluka ndi Zongodutsa. Pachipatapo pamadutsa mabelo a kaunjika odzaza makabudula am'kati a anthu amene sitidziwa kuti adafa ndi chiyani, ife n'kumalimbirana kusankha. Pamadutsa mankhwala opatsa abambo mphamvu, m'mabotolo opanda dzina, ife n'kumamwa osakwinya nkhope. Zonsezi a Mkwapatira amangozikupizira dzanja. Koma ataona mapepala a Filimoni adavala magalasi, chifukwa kwathu kuno chinthu cha mapepala ambiri timachikayikira.

"Chinthu chabwinobwino amachiyezeranji katatu?" adafunsa bwanayo.

Adalamula kuti chigubucho chitsekeredwe m'kanyumba ka malata kuseri kwa ofesi mpaka komiti itakhutira kuti sichibweretsa mliri. Mwezi udali wa Okutobala, abale, nthawi imene ngakhale buluzi amafuna mthunzi.

Komiti idakumana tsiku lachitatu. Pemphero, malonje ndi mawu a mlendo wolemekezeka zidatha m'mawa wonse. Kenaka mamembala adagwirizana kuti sangagamule za chinthu chimene sadachione ndi maso awo, motero chivundikiro chidatsekulidwa kuti aliyense asuzumire payekhapayekha, potsata maudindo. Utsi woyera utatuluka, mlembi adathawira pakhomo, ndipo atabwerera adalemba kuti matenda ena aoneka akutuluka okha, zimene ndi chiyambi chabwino. Filimoni adapempha, manja ali pachifuwa, kuti avundikire msanga. A Mkwapatira adamukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Msonkhano wachiwiri udalephereka chifukwa cha maliro a apongozi a membala wina. Pa wachitatu padabuka mafunso akuluakulu. Kodi mwini umunawu mfunda wake ndani? Malume ake adavomera? Membala wina adati mapepala amanama, mwini wakeyo abwere adzatsokomole pamaso pa komiti, timve tokha chifuwa chake. Filimoni atafotokoza kuti munthuyo sadziwika, chipinda chonse chidagwira pakamwa, ngati kuti m'mudzi mwathu mwana aliyense adafanana ndi amene amamutcha bambo. Amene adajomba msonkhano woyamba adati nawonso ali ndi ufulu wosuzumira, ndipo adasuzumiradi, modekha.

Masiku amenewo makina a Filimoni sadalire. Ankalawirira kuchipata ndi ndowa ya madzi, kunyowetsa masaka n'kuwayala padenga la kanyumbako, anthu odutsa n'kumaseka kuti telala wayamba ulimi wa pamalata. Adali ndi mantha, mantha enieni, ndipo akabwerera madzulo Elube sankafunsa zambiri, ankangoti, "Utsi udakalimo?" Iye ankavomera, ngakhale adaona kuti ukuchepa. Chimene sadamuuze n'chakuti Wachiwiri kwa Wapampando adatulukira kuti ukagwirizira botolo la chakumwa pakamwa pa chigubucho limazizira mokoma, ndipo ankachita kafukufuku ameneyu masana aliwonse.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri komiti idavomera kuitana dokotala, amene adali atalemba kale makalata anayi osayankhidwa. Elube adavala chitenje chake chatsopano n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango tsidya la msewu, wokonzeka kuti akangolola apite kuchipatala. Dokotala adatsekula chivundikiro. Utsi panalibe. Adalowetsamo chida chake choyezera, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adanena motsitsa mawu kuti mwafunda kalekale, mulibenso chamoyo.

A Mkwapatira adafunsa ngati izi zikutanthauza kuti ngakhale matenda sangafalikirenso, poti palibenso chokaika mwa munthu. Dokotala adati matendawo mudalibe chiyambire, koma inde, tsopano palibe chimene chingachitike. Komiti idaomba m'manja. Chidindo chidatulutsidwa, adachiuzira mpweya, nachimenya papepala mwamphamvu: chaloledwa kulowa. Wapampando adathokoza mamembala chifukwa cha kudzipereka kwawo, nati mudzi wapulumuka ndipo palibe amene wamanidwa katundu wake.

Filimoni adakhala pa benchi, chigubu chili pakati pa miyendo, misozi ikutsika osaibisa. A Mkwapatira, poti ndi munthu wachifundo, adamukokera kuseri kwa ofesi. Adati asadandaule, makolo sadali opusa, adatisiyira njira ya fisi, mwamuna wopemphedwa mwachinsinsi kukagona ndi mkazi wa mnzake kuti pakhomo pamveke kulira kwa mwana. Njira imeneyi, iwo adati, sifuna chigubu, sifuna mapepala, sifunanso komiti. Adatsokomola pang'ono, nawonjezera kuti sikudzitama ayi, koma iwo eni adathandizapo kale makomo asanu ndi awiri, ndipo kwa mnansi wabwino ngati telala sangakane.

Filimoni adayang'ana tsidya la msewu. Elube adali ataimirira, akukonza chitenje, poti adamva kuomba m'manja kuja.

"Bwana," adatero Filimoni, "kodi inuyo mudayezetsapo magazi?"

A Mkwapatira adavula magalasi, nkhope itagwa ngati munthu amene watukwanidwa pamaliro.

"A Kamtedza, musandinyoze. Kuyezetsa, ine? Ine ndine wakonkuno, sindidachokere kunja."